Nyanga ya Kumanja

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene tsiku lina anafika kwa mmisiri wosema n'kupempha kuti amupangire nyanga yosungiramo onga wa mfuti.

Mmisiriyo sankamudziwa. Anali munthu wachikulire, wokhala kuseri kwa msika, pafupi ndi pophera ng'ombe. Ankasema zipande, mipini ndi mipando. Ntchito ya nyanga anaiphunzira kwa malume ake, koma panali patapita zaka zambiri popanda womufunsa. Anayamba wamupatsa mlendoyo mpando wake womwe, iye n'kukhala pachipika. Kenaka anafunsa kuti nyangayo ndi ya ntchito yanji, popeza masiku ano palibenso amene amasaka ndi mfuti ya gogodela.

Lufeyo anafotokoza. Kwawo kuli phiri. Kalekale, m'masiku amene achifwamba ankagwira anthu n'kukawagulitsa, mudzi wonse unathawira paphiripo. Anali ndi mfuti imodzi yokha ndi nyanga imodzi ya onga. Mwini mfutiyo anaima pampata wa miyala masiku atatu, mpaka achifwamba aja anabwerera. Chaka chilichonse akatha kukolola, anthu a m'mudziwo amachita sewero la masiku atatuwo. Amayi amabereka ana n'kuthamangira kuphiri. Amuna amadzola makala n'kukhala achifwamba. Munthu mmodzi amaima pampata paja, n'kuthira onga pang'ono mumfuti yopanda chipolopolo, n'kuombera kumwamba katatu. Kwa zaka makumi atatu munthu ameneyu anali bambo ake a Lufeyo, ndipo nyanga imene ankavala inali yomwe ija ya kholo lawo, mwini mfuti uja.

"Inasowa," anatero Lufeyo. "Bambo akhala akumangirira botolo lapulasitiki lokuta ndi chiguduli. Ana amaseka. Tsopano akudwala, maso nawo akutha. Sewero la chaka chino mwina ndi lomaliza."

Mmisiri uja anafunsa kuti panyanga yakaleyo panalochedwa chiyani. Lufeyo anagwada n'kuyamba kujambula pansi ndi chala. Anajambula phiri la miyala itatu. Anajambula amayi asanu ndi anayi atandandalika, aliyense ndi mwana kumbuyo. Kumapeto kwa mzerewo anajambula kagalu kopinda mchira. Anasonyezanso pamene panali mng'alu wosokedwa ndi waya wamkuwa. Chala chake sichinakayike paliponse.

"Mumaidziwa bwino, achimwene," anatero mmisiriyo. "Inasowa liti?"

"Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo."

Mmisiriyo anayang'ana zojambulazo nthawi yaitali.

Tsopano imvani zimene Lufeyo sananene.

M'mudzi umenewo muli mwambo wakuti munthu wa mfuti sadziveka yekha. Pamakhala womuveka, amene amaima kumbuyo kwake n'kumumanga lamba. Yemweyo ndiye amasunga nyangayo sabata ya sewero, n'kuipaka mafuta a nsatsi kuti isang'aluke. Sewero likatha, munthu wa mfuti amalandira chikho choyamba cha thobwa, koma samwa. Amachinyamula ndi manja awiri n'kukapereka kwa womuveka uja, anthu onse akuona.

Amene ankaveka bambo ake a Lufeyo anali a Zuze, mnzawo wa kuyambira paubwana. Nyumba zawo zinali zoyang'anana.

Chaka chimenecho nyanga inali itapachikidwa m'nyumba ya a Zuze. Lufeyo anali ndi zaka makumi awiri, ndipo mtima wake wonse unali ku tauni. Tsiku lina eni nyumba ali kudimba, analowa n'kuitenga. Anakaigulitsa kwa munthu wogula zinthu zakale. Ulendo wonse wa pabasi anali ataifukata m'jekete, akuisuzumira ndi kuitembenuza. Kagalu kaja anakadziwira m'basi momwemo.

Zinangochitika kuti mwezi womwewo a Zuze anagula njinga atagulitsa mtedza wawo. Anthu anaona nyanga yasowa, anaona njinga yatsopano, ndipo anamaliza okha nkhani. A Zuze ananena kamodzi kokha kuti, "Sindinatenge." Sanabwerezenso. Bambo ake a Lufeyo sanakalipe. Anachita sewero ndi botolo lija. Litatha analandira chikho choyamba, anayang'ana a Zuze, n'kumwa okha mpaka kutha. Kuyambira tsiku limenelo moni unafa pakati pa nyumba ziwirizo.

Koma chaka chilichonse, m'mawa wa tsiku la sewero, pakhonde la bambo ake a Lufeyo pankapezeka kabotolo ka mafuta a nsatsi opakira mfuti. Palibe amene ankaona wokaika, ngakhale onse ankamudziwa. Mdalayo ankati, "Mtima ukumutsutsa," n'kukakankhira pambali ndi phazi.

Maganizo a Lufeyo anali otere: akapita ndi nyanga yatsopanoyo n'kunena kuti waipeza kwa ogulitsa zakale ku tauni. Bambo ake akasangalala, akachita sewero lawo lomaliza ali ndi ulemu, ndipo palibe amene akafunse zambiri. Za dzina la a Zuze ankati akaziganiza, ankafulumira kuganiza zina.

Choncho anapempha mmisiri uja kuti nyangayo aipange yooneka yakale.

"Ine ndimapanga zatsopano," anayankha mmisiriyo. "Ukalamba sindiudziwa kasemedwe kake."

Lufeyo anati zimenezo aona yekha.

Pamenepo mmisiriyo analowa m'shedi n'kutuluka ndi nyanga ziwiri za ng'ombe imodzi, n'kuzigoneka pansi.

"Ya mbali iti?"

Lufeyo sanamvetse. Mmisiriyo anamusonyeza. Nyanga ziwiri za ng'ombe sizipindika mofanana. Ina imakumbatira chiuno cha kumanja, ina chiuno cha kumanzere. Ukaivala kumbali yake imagona pathupi, nsonga yake n'kuyang'ana kumene dzanja limafikira. Ukaivala kumbali yolakwika imatukuka, nsonga n'kuloza kunja.

Lufeyo anatsinzina. Anaona bambo ake ataima pampata wa miyala monga ankawaonera ali mwana, iye ali pakati pa gulu la oonerera. Nyanga inali kudzanja lamanja.

"Kumanja," anatero.

"Mwatsimikiza? Kwanu mwatchulako si kutali. Basi ya m'mawa imafika masana. Pitani mukafunse amene amawaveka. Ameneyo amadziwa ndi manja, osati ndi maso."

"Ndi kumanja, bambo."

Mmisiriyo anatola nyanga ya kumanja n'kuipukuta fumbi. Anayankhula akuyang'ana nyangayo, osati mlendoyo.

"Ntchito imeneyi ndi ya masabata asanu. Ngati muli ndi mawu amene ali okonzeka kale, asadikire nyanga."

Lufeyo anachita ngati sanamve.

Ntchito inayamba. Mmisiri anawiritsa nyangayo mumgolo mpaka fupa la mkati linagwedezeka, n'kuligogoda kuti lituluke. Anaiyanika pamthunzi masabata awiri, chifukwa dzuwa limaing'alula. Anadula nsonga n'kuboola ndi waya wamoto, fungo lake ngati la tsitsi lopserera. Kenaka anayamba kuipala ndi chibenthu cha botolo. Ankapala pang'ono, n'kuikweza kudzuwa, n'kupalanso. Ankafuna ipyapyale mpaka mthunzi wa chala uzioneka mkati, kuti mwini wake azidziwa onga wotsala popanda kutsegula. Koma akanapyola pamenepo ikanabooka, ndipo onga wolowa chinyezi ndi dothi chabe.

Kumunsi kotakata anatsekako ndi chipika cha mlombwa, n'kumata ndi phula la njuchi. Anaimiza m'ndowa ya madzi n'kuuzira kunsonga. Sipanatuluke thovu ngakhale limodzi.

Lufeyo ankabwera Loweruka lililonse kudzaona. Loweruka lachitatu, ali pomwepo, mlongo wake anamuimbira foni. Atatha kukamba za bambo awo anawonjezera kuti a Zuze nawo agona, sakudzukanso. Lufeyo anati, "Pepani," n'kudula. Mumtima anati nyanga ikatha, bambo akasangalala, mwina tsiku lina adzapeza poyambira.

Kulocha kunatenga masabata awiri otsalawo. Mmisiriyo ankalocha ndi msomali wonola, nyanga ili pabondo. Mizere yake inali yosaoneka bwino, ngati mikwingwirima ya udzu pakhungu. Tsiku lomaliza anasakaniza mwaye ndi mafuta, n'kudetsa nyanga yonse bii. Kenaka anatenga kansalu n'kupukuta. Mwaye unachoka pamwamba n'kutsalira m'mizere mokha. Phiri linatuluka. Amayi aja anatuluka mmodzimmodzi ndi ana awo. Pomaliza kanatuluka kagalu.

Lufeyo ataona kagaluko misozi inayamba kugwa. Mmisiriyo anadzuka n'kulowa m'shedi kukafuna mpeni umene unali m'thumba mwake. Anachedwako mpaka mlendoyo atapukuta nkhope.

Lufeyo anaipachika nyangayo pautsi wa mbaula masiku atatu, n'kuipaka masamba a tiyi mpaka inafiirira. Anaikanda pang'ono n'kusokapo waya wamkuwa. Inaoneka ngati yaona mibadwo.

Anafika kwawo Lachinayi, sewero lili Loweruka. Potsika njira anaona pabwalo la a Zuze pali chisakasa cha udzu ndi phulusa la moto wamaliro. A Zuze anali ataikidwa Lolemba.

Bambo ake anawapeza pamphasa pakhonde, ataonda, maso ali mbuu. Anawapatsa moni, n'kunena nkhani imene anaikonzekera masabata asanu. Inatuluka bwinobwino, yosapunthwa. Kenaka anaika nyangayo m'manja mwawo.

Zala za mdalayo zinayenda pang'onopang'ono. Zinapeza phiri. Zinawerenga amayi, mmodzimmodzi, mpaka asanu ndi anayi. Zinapeza waya uja. Nkhope yawo inawala monga Lufeyo sanaionepo kwa zaka zambiri. Anati awadzutse. Ataima, anaponya lamba paphewa n'kugwetsera nyangayo m'chiuno cha kumanzere.

Inakana kugona. Inatukuka, nsonga n'kuloza kunja ngati chala choloza munthu. Anaitembenuza, zojambula zinayang'ana kuthupi. Anayesanso kachitatu. Kenaka anakhala pansi.

"Kholo lathu linali lamanzere," anatero. "Nyanga yake inali ya kumanzere. Iwe unkandionera uli kutsogolo kwanga. Kumanzere kwanga kunali kumanja kwako."

Mdalayo anapitiriza.

"Ndi ntchito yabwino. Amene wapangayu manja ali nawo." Zala zawo zinakankha lamba pang'ono n'kuima pakagalu. "Koma galu uyu amakhala pansi pa lamba. Woonerera sangamuone. Amamudziwa ndi wovala, ndi woveka. Iwe unamuonera kuti, Lufeyo?"

Pamenepo Lufeyo ananena zonse. Sizinatenge nthawi. Anadabwa yekha kufupika kwake.

Mdalayo anatembenuzira nkhope kunyumba ya a Zuze, imene maso awo sankaionanso.

"Amuika Lolemba," anatero. "Ine ndinali pamphasa pano. Nyimbo ndinkazimva zonse. Mlongo wako anati andigwire mkono tipite, ndi pafupi. Ndinati miyendo ikuwawa."

Sanamutukwane mwana wawo. Sanamuthamangitse. Anangoti awathandize kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Loweruka m'mawa Lufeyo atatsegula chitseko anapeza kabotolo ka mafuta a nsatsi pakhonde. Anaona mai Nagama, mkazi wamasiye wa a Zuze, akulowa m'nyumba mwawo, atafunda nsalu yakuda. Pambuyo pake kunadziwika kuti a Zuze anayenga mafutawo asanagone, n'kuuza akazi awo kuti tsiku likadzafika asadzaiwale.

Lufeyo anakapereka kabotoloko kwa bambo ake. Iwo anakafumbata nthawi yaitali. Kenaka anatsegula n'kupaka mfuti yonse, kuyambira kukamwa mpaka kuthako lake, osasiya dontho.

Tsiku limenelo Lufeyo ndiye anawaveka. Kanali koyamba kuima kumbuyo kwawo. Anati asunthire lambayo kumanja kuti nyanga igone bwino.

"Isiye ioneke," anatero mdalayo.

Anthu anasonkhana patsinde pa phiri. Amayi anali atabereka kale ana, achifwamba atadzola kale makala. Ng'oma isanayambe, Lufeyo anatuluka n'kuima pakati pa bwalo. Mawu ake anali otsika, moti akumbuyo anachita kufunsa anzawo.

"Nyanga ija ndinaba ndine. A Zuze sanatenge."

Ena amene ankakonda kunena za njinga ija anayang'ana pansi. Mai Nagama anali atakhala kumapeto, pamene amuna awo ankakhala zaka zonsezo, ndipo sanasunthe.

Sewero linachitika. Amayi anathamanga, achifwamba anakuwa. Mdalayo anaima pampata wa miyala, mwana wake atawachirikiza kumsana, nyanga ikuloza kunja. Pothira onga dzanja linavutika kuifikira, ndipo wina unatayikira pansi. Komabe mfuti inalira katatu. Chaka chimenecho palibe mwana amene anaseka.

Atatsika, anawapatsa chikho choyamba cha thobwa. Mwa mwambo chinali cha Lufeyo, popeza ndiye anawaveka. Mdalayo anamupitirira. Anayenda okha, phazi ndi phazi, chikho chili m'manja awiri, akufunsa motsitsa mawu kuti alamu awo, mai Nagama, akhala pati. Anthu ankawapatukira. Mtsikana wina anachotsa mwala umene unali panjira yawo. Thobwa linkatayikira m'njira, ndipo pofika linali litatsala theka.

Anagwada movutikira.

"Alamu," anatero, "ichi ndi cha chaka chija."

Mai Nagama analandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana.

"Ankanena kuti mudzabweretsa," anatero. "Chaka chilichonse pochoka pano ankati mwina chaka chamawa."

Anamwa pang'ono. Chotsalacho anachisunga pamiyendo mpaka anthu onse anabalalika, n'kupita nacho kunyumba.

Mdalayo anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Inu amene mwamva fanizoli, Lufeyo anapereka masabata asanu kuti akonze chinthu chooneka ngati choona, pamene mawu oonawo anali asanu ndi awiri okha, ndipo anali nawo m'kamwa kwa zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ake nawo anali ndi chikho m'manja, nyumba ili pafupi. Mwina pali munthu amene akusenza mlandu wanu, kapena amene munasiya kumupatsa moni chifukwa cha zimene munangomva. Musayambe mwafuna mmisiri wokukonzerani poyambira pabwino. Pitani mmene mulilimo, iye akadali wotha kulandira chikhocho ndi manja ake.